Zili m'chitini cha agogo: mankhwala "odzutsa ubongo" ndi nthenda ya kuiwala

Ndi Loweruka m'mawa ku Chilomoni. Utsi wa mbaula ukufuka m'makomo ndipo nkhungu yakuta phiri la Michiru.

Pakhonde la nyumba ina, mayi wachikulire wakhala pamkeka, kapu ya tiyi ili m'manja. Duku amanga mwaudongo. Pamkono pali wotchi yomwe inaima kalekale, koma amaiyang'ana pafupipafupi.

"Iwe, ana alowa kale m'kalasi?"

Mdzukulu wawo, yemwe akusesa pabwalo, aweramuka.

"Lero n'Loweruka, agogo. Kulibe sukulu."

Agogo avomera ndi mutu n'kumwako tiyi. Mphindi zitatu sizinathe.

"Iwe, ana alowa kale m'kalasi?"

Mayiwa ndi azakhali anga. Anaphunzitsa ku pulayimale zaka zoposa 30. Kalasi ya ana 90 ankaidziwa pamtima, mwana aliyense ndi dzina lake, mudzi wake ndi makolo ake. Lero dzina la mdzukulu amene amagona naye chipinda chimodzi likuwazemba. N'chifukwa chake amangoti "iwe".

Msuweni wanga, mwana wawo wamkazi amene akuwasamalira, atuluka m'nyumba atanyamula chitini cha mabisiketi. Muli mankhwala okhaokha.

Tiwakhuthulira palichero n'kuyamba kuwerenga.

Metformin wa shuga. Mapiritsi a BP. Aspirin. Amitriptyline, amene anawapatsa zaka zapitazo chifukwa mapazi ankayaka moto ndipo tulo sitinkabwera. Piriton wogula pagolosale. Botolo la ginkgo logulidwa kwa mayi wina wochita geni ya zitsamba zochokera kunja. Kenako bokosi loyera lolembedwa kuti piracetam 800 mg, limene linabwera pabasi kuchokera ku Joni.

Mitundu 7.

"Awa anatumiza ndi achimwene," atero msuweni wanga akuloza bokosilo. "Akuti ndi odzutsa ubongo. Anagula modula, ndiye anati tisamadumphitse."

Sabata imeneyo azakhali anali atachita kamfuno kawiri. Masana ankangowodzera, usiku n'kumayendayenda m'nyumba kufunafuna choko.

Piritsi lililonse linalowa m'chitinimo chifukwa cha chikondi. Koma panalibe dokotala ndi mmodzi yemwe amene anaonapo mitundu yonseyo pamodzi.

Zitini zoterezi zili m'makomo ambiri.

Nthenda yopanda dzina kwathu

Kuno timangoti "akalamba", "abwerera ku umwana" kapena "mutu sukugwira". Achipatala amati dementia.

Ndi mayi amene waphika nsima zaka 60 kuima pamoto ndwii, osadziwa choyamba n'chiti, madzi kapena ufa. Ndi mkulu wa mpingo kusochera pochokera ku tchalitchi chimene anaumba nawo njerwa zake. Maselo a mu ubongo amakhala akufa pang'onopang'ono, ndipo amapita ndi mayina, njira, mawu, luso lowerenga ndalama, nthawi zina ndi khalidwe lomwe.

Ukalamba pawokha suchita zimenezi. Alipo agogo a zaka 90 amene angakulozereni malire a munda uliwonse m'mudzi.

Mtundu wofala kwambiri wa dementia ndi wa Alzheimer. Dzinali ndi la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, yemwe mu 1906 anafotokozera madokotala anzake za Auguste Deter, mayi amene anayamba kusokonezeka ali ndi zaka za m'ma 50 zokha. Mayiyo atamwalira, Alzheimer anaunika ubongo wake napezamo timibulu ndi tiulusi tachilendo titaunjikana m'maselo ndi m'mbali mwake.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo chaka chilichonse pafupifupi 10 miliyoni amawonjezekera. Oposa 60 mwa 100 aliwonse amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Lipoti la Alzheimer's Disease International la mu 2017 linati kum'mwera kwa chipululu cha Sahara odwala analipo 2.13 miliyoni mu 2015, ndipo adzafika 7.62 miliyoni pofika 2050.

Ku Malawi kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse anali a zaka 60 kupita m'tsogolo. Tikukhala ndi moyo wautali kuposa zaka zija Edzi inkasesa midzi. Ndi dalitso, koma labwera ndi katundu wake.

Mtundu wachiwiri wa dementia umayamba timitsempha ta magazi mu ubongo tikamatsekeka kapena kuphulika. Mutu wa vutoli ndi BP. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa n'komwe.

Pamwamba pa nthendayi pali mantha.

Gogo akapezeka m'bandakucha pakhomo la eni, asanavale bwino, akulephera kunena komwe achokera, anthu sachedwa kunena kuti agwa m'ndege ya ufiti. Sitinaiwale za ku Neno mu January 2016, pamene achikulire anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire. Komabe banja limene agogo awo ayamba kuyenda usiku limagona khutu lili kunja.

Banja lamantha limagula chilichonse cholonjeza kuchiza msanga.

Piritsi lobadwira ku Belgium

Piracetam anapangidwa mu 1964 ku kampani ya UCB ku Belgium, motsogozedwa ndi wasayansi wochokera ku Romania, Corneliu Giurgea. Mu 1972 iye anapeka liwu loti nootropic kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza maganizo, lina kutembenuza. Ankafuna mankhwala othandiza munthu kuphunzira ndi kukumbukira, oteteza ubongo, osagonetsa komanso osavulaza thupi.

Cholinga chinali chabwino. M'mayiko angapo a ku Ulaya ndi ku Asia madokotala akhala akulembera anthu piracetam kwa zaka zambiri, ndipo ambiri amamudziwa ndi dzina lamalonda loti Nootropil.

Zaka zoposa 60 zadutsa, umboni ukadali wopepuka.

Mu 2001 akatswiri a Cochrane, bungwe limene limasonkhanitsa kafukufuku yense wa mankhwala amodzi n'kumupeta kuti mankhusu achoke, anaunika piracetam. Anapeza kuti m'kafukufuku wina madokotala ankaona ngati odwala asinthako. Koma poyesa kukumbukira kwenikweniko ndi mayeso ake, phindu silinaoneke. Anamaliza ndi kunena kuti umboni womwe ulipo sukuloleza kugwiritsa ntchito mankhwalawa pa dementia.

Ku America bungwe la FDA silinawavomerezepo pa matenda ena aliwonse. Ku Britain ndi ololedwa pa vuto lina losiyana kwambiri, la kudzidzimuka kwa minofu kochokera mu ubongo.

Anthu ambiri amphamvu zawo akamwa piracetam samva vuto lalikulu. Koma wodwala dementia kawirikawiri sakhala wamphamvu zake.

Choyamba ndi impso. Piracetam amatuluka m'thupi kudzera m'mkodzo, pafupifupi yense, momwe analowera. Impso za munthu wokalamba amene wakhala ndi shuga ndi BP zaka zambiri sizisefa ngati za mnyamata, choncho mankhwala amaunjikana m'magazi. Pepala la m'bokosi limanena poyera kuti mlingo uyenera kuchepetsedwa molingana ndi mphamvu ya impso, ndipo impso zikafookeratu munthu asamwe.

Chachiwiri ndi magazi. Piracetam amachedwetsa kuundana kwa magazi. Ndi woletsedwa kwa munthu amene mtsempha unamuphulikira mu ubongo. Amafuna kusamala kwambiri kwa amene akumwa aspirin kapena warfarin, amene ali ndi zilonda za m'mimba, ndi amene akuyembekezera opaleshoni.

Ena amawasowetsa mtendere ndi tulo. Ena amawagonetsa. Ena amanenepa nawo, ena amakhumudwa.

M'chitini cha azakhali munali mitundu itatu yochedwetsa kuundana kwa magazi: aspirin, ginkgo ndi piracetam.

Kamfuno kaja ife tinkati n'ka dzuwa.

"Koma ndi zachilengedwe"

Awa ndi mawu amene amagulitsa mabotolo ambiri. Mwabvi nawonso ndi wachilengedwe.

Ginkgo ndi mtengo wakale wa ku China, wa masamba onga chokupizira. Wayesedwa mokwanira. Mu 2008 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America wa anthu 3,069 a zaka 75 kupita m'tsogolo. Theka linkamwa ginkgo 120 mg kawiri patsiku, theka lina mapiritsi opanda mankhwala. Anawatsatira zaka pafupifupi 6. Chiwerengero cha odwala dementia sichinasiyane.

Ku Germany madokotala ena amalembera odwala kale mtundu wina wa ginkgo woyengedwa mwa muyezo, ndipo phindu lake likaoneka limakhala laling'ono. Botolo la m'chikwama cha wamalonda palibe amene angakutsimikizireni kuti ndi limenelo.

Dokotala Pieter Cohen wa ku Harvard ndi anzake anagula mabotolo a "zolimbitsa ubongo" n'kukawayesa. Mu 2019 ndi 2020 anafalitsa zomwe anapeza: mankhwala osavomerezeka ku America, ena osatchulidwa pabotolo, ena ochuluka mosiyana ndi zolembedwa. Mu 2017 WHO inanenanso kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, mankhwala amodzi mwa 10 aliwonse amakhala achinyengo kapena osafika muyezo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuno kwathu bungwe la PMRA ndi limene limalembetsa mankhwala ndi malo ogulitsira mankhwala. Piritsi lobwera m'thumba la transipota, lotsatsidwa pa WhatsApp kapena loyalidwa pamsika padzuwa siladutse pakhomo limenelo.

Amene amathandizadi, ndi malire ake

Mankhwala ovomerezeka a Alzheimer alipo. Donepezil anavomerezedwa ku America mu 1996, rivastigmine mu 2000, galantamine mu 2001 ndipo memantine mu 2003.

Atatu oyambawo amagwira ntchito mofanana. Maselo a ubongo amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timadzi totchedwa acetylcholine. Mu Alzheimer timadziti timachepa, ndipo mankhwalawa amathandiza kuti tomwe tatsalato tisathe msanga.

Sachiza. Nthendayo imapitirira. Kwa odwala ena amabweza kuwala pang'ono kwa miyezi kapena chaka ndi china: agogo amatha kudzivala okha, kutsatira nkhani, kuzindikira alendo. Kwa ena sasintha kanthu. Kwa banja, miyezi imeneyo ndi yamtengo wapatali, ndipo n'chifukwa chake kuyesa mankhwalawa moyang'aniridwa ndi dokotala kuli bwino.

Ali ndi mbola yake. Donepezil amayambira pa 5 mg kamodzi patsiku, ndipo amakwezedwa kufika 10 mg pakatha masabata 4 mpaka 6. Kuthamangira mlingo waukulu kumabweretsa nseru, kusanza, kutsekula m'mimba ndi kusafuna chakudya. Ena amalota maloto oopsa. Choopsa kwambiri n'chakuti amachedwetsa kugunda kwa mtima. Gogo akhoza kuchita chizungulire, kukomoka, kugwa n'kuthyoka m'chiuno, makamaka ngati akumwanso mankhwala a BP ochedwetsa mtima monga atenolol kapena propranolol.

Memantine amaperekedwa nthenda ikafika pakati kapena pokula. Amayambira pa 5 mg n'kumakwera sabata ndi sabata mpaka 20 mg. Nayenso amafuna kuti impso ziyesedwe.

Kunja kwamveka mbiri ya mankhwala atsopano, lecanemab wa mu 2023 ndi donanemab wa mu 2024. Amaperekedwa pa diripu kwa amene nthenda yangoyamba kumene. Amachedwetsa pang'ono kulowa pansi kwa wodwala, koma akhoza kutupitsa ubongo kapena kuukhetsa magazi, motero wodwala amajambulidwa pa MRI mobwerezabwereza. Lecanemab anatuluka pa mtengo wa madola 26,500 pachaka. Ngakhale ku England akuluakulu oona za mtengo wa mankhwala anakana kuti zipatala za boma zizilipira.

Ngati mayiko olemera sanapeze piritsi lobwezera nzeru zonse, wamalonda amene akukulonjezani zimenezo pa foni akukunamizani.

Palinso mankhwala ena amene mabanja amawapempha agogo akamavuta usiku: haloperidol, chlorpromazine, diazepam. Amamukhazikadi munthu phee. Koma FDA inachenjeza mu 2005 ndi mu 2008 kuti mankhwala a gulu la haloperidol ndi anzake amawonjezera imfa pakati pa okalamba odwala dementia. Diazepam amawonjezera kusokonezeka ndi kugwa. Nthawi zambiri gogo wovuta usiku amakhala akumva ululu, njala, kudzimbidwa kapena mkodzo, koma mawu oti anene amusowa.

Kuiwala kwina kumachira

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Munthu akayamba kuiwala, funso loyamba ndi lakuti chikumuiwalitsa n'chiyani. Zifukwa zina zimachizika, ndipo piritsi "lodzutsa ubongo" limangochedwetsa kuzipeza.

Kuchepa kwa vitamini B12 kumasokoneza mutu ndiponso kumachititsa dzanzi kumapazi. Kumagwira okalamba, anthu osadya nyama, nsomba ndi mazira, komanso amene amwa metformin zaka zambiri. Mankhwala ake ndi jakisoni kapena mapiritsi a vitaminiyo.

Pali pellagra, nthenda ya anthu odalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira. Khungu limada ndi kukakala pamene pamawomba dzuwa, m'mimba mumatseguka, mutu umasokonezeka. Mu 1990 anthu oposa 17,000 othawa nkhondo ku Mozambique anadwala nthendayi m'misasa ya kuno ku Malawi, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira. Gogo wokhala yekha, wodya nsima ya ufa woyera ndi masamba tsiku ndi tsiku, ali panjira yomweyo.

Kachilombo ka HIV kosalandira mankhwala kamafika mu ubongo. Chindoko chakale chomwe sichinachizidwe chimatero nachonso, patapita zaka 10 kapena 20. Zonsezi zimayesedwa ndi kadontho ka magazi, ndipo munthu wa imvi asachite manyazi kuyezetsa.

Chithokomiro chikafooka munthu amazizira, amachita ulesi ndipo amaiwala. Kachasu wa zaka zambiri amadya ubongo. Kukhumudwa kwa mayi amene waika mwamuna ndi ana kumaoneka ngati dementia, pomwe kuli ndi thandizo lake. Kugontha nakonso kumanamiza: gogo amene sanamve funso amayankha zina, ife n'kumati asokonezeka.

Ngati kusokonezeka kwabwera mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, thamangirani kuchipatala. Akhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wotsika kwambiri kapena sitiroko. Ngati agogo anagwa n'kumenyetsa mutu masabata apitawo, nenani, chifukwa magazi amatha kudontherera pang'onopang'ono pansi pa chigaza, ndipo madokotala amawachotsa.

Chifukwa china chimakhala m'chitini momwemo.

Amitriptyline, Piriton, promethazine ndi benzhexol amatsekereza acetylcholine, timadzi tomwe tija ubongo wa wodwala ukutisowa kale. Wachinyamata amangowodzera nawo pang'ono. Wokalamba amasokonezeka, pakamwa pamauma, amadzimbidwa, mkodzo umavuta. Kumupatsa donepezil munthu amene akumwa mankhwala amenewa kuli ngati wina akutungira madzi mu ndowa, wina akuiboola kunsi.

Mukafuna kuwasamala bwino

Nyamulani chitini chonse popita kuchipatala. Mapiritsi a kuchipatala, a pagolosale, ochokera kunja, mizu ndi makungwa a kwa asing'anga, zonse ziikidwe patebulo pamodzi ndi buku la kuchipatala. Dokotala sangakuchenjezeni pa chinthu chomwe mwamubisira.

Apite ndi munthu amene amakhala nawo. Wodwala dementia akafunsidwa amati ali bwinobwino, ndipo amakhulupirira zimenezo. Amene amadziwa kuti zinayamba liti, mpoto unapserera kangati, anasochera kuti, ndi wowasamalira.

Pemphani kuti ayesedwe BP, shuga, impso, magazi, HIV ndi chindoko, komanso maso ndi makutu. M'zipatala zambiri za m'maboma muli anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo. Thandizo lozama lili ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wachita misala.

Dokotala akalemba mankhwala a kuiwala, kaya ndi donepezil, memantine kapena piracetam yemweyo, funsani mafunso anayi. Tiyembekezere kusintha kotani? Tiona pakapita nthawi yaitali bwanji? Zizindikiro zoopsa ndi ziti? Akapanda kuthandiza tidzasiya liti? Safunsa anadya phula.

Yambani mtundu umodzi pa nthawi, pa mlingo wochepa. Mukayamba iwiri tsiku limodzi simudzadziwa wathandiza kapena wavulaza ndi uti.

Mankhwala asunge munthu mmodzi, pamalo otsekeka, kutali ndi dzuwa ndi ana. Munthu woiwala akhoza kumwa katatu m'mawa umodzi, ulendo uliwonse akuyesa kuti n'koyamba. Wopereka aone kuti piritsi lamezedwa, achonge pa kalendala. Tsiku likadumpha musawirikize mawa lake. Akadumpha masiku angapo, funsani musanayambirenso.

Phunzirani kuwerenga kugunda kwa mtima padzanja. Kukatsika pansi pa 50 pa mphindi, kapena agogo akakomoka, akatulutsa chimbudzi chakuda ngati phula, akachita kamfuno kosaleka kapena mikwingwirima yosadziwika chiyambi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Musasiyitse mwadzidzidzi mankhwala amene munthu wamwa nthawi yaitali, monga amitriptyline kapena diazepam. Amachepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo wochepetsa ndi dokotala.

Sungani kope. Lembani momwe akudyera, akugonera, akulankhulira. Pakatha miyezi itatu kopelo lidzakuuzani zoona kuposa mtima wanu, chifukwa mtima wa mwana umaona kusintha komwe ukufuna kuona.

Kwa ife amene sitinafike pamenepo, mankhwala amphamvu koposa ndi akale omwe aja. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linatchula zinthu 14 zomwe tikalimbana nazo tingapewe kapena kuchedwetsa pafupifupi 45 mwa odwala dementia 100 aliwonse. Mwa izo muli BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kugontha, kusaona bwino, kuvulala m'mutu, kusayenda, kukhala wekhawekha, utsi ndi kusapita kusukulu. Chipewa cha pa kabaza wa njinga yamoto chimateteza ubongo. Kumwa mapiritsi a BP mokhulupirika uli ndi zaka 45 kumautetezanso.

Chitini chapepuka

Lolemba lotsatira tinawatenga azakhali kupita nawo kuchipatala, chitini chili m'chikwama.

Dokotala anayala mapiritsiwo patebulo, nawayang'ana nthawi yaitali asanayankhule. Anawafunsa azakhali tsiku, mwezi ndi chaka. Anawapatsa mawu atatu oti awasunge, n'kuwafunsanso patapita kanthawi. Anabweza limodzi.

Magazi anaonetsa kuti impso zafooka ndipo B12 ndi wochepa. Piracetam, ginkgo ndi Piriton anachotsedwa tsiku lomwelo. Aspirin nayenso dokotala anamuchotsa ataunika mbiri ya mtima wawo. Amitriptyline anamutsitsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Mlingo wa metformin unasinthidwa, jakisoni wa B12 anayambika. Za donepezil anati tidzakambirana akaona momwe akhalire ubongo ukapuma ku katundu yenseyo.

Chovuta chinali kuimbira ku Joni.

"Achimwene, mankhwala munatumiza aja adokotala aletsa," anatero msuweni wanga.

Kumeneko kunali zii. Munthu anagwira maganyu a usiku kuti agule bokosi lija.

"Nanga ine ndiwathandize bwanji amayi?"

"Tumizani ya thiransipoti yopitira ku sikelo ya shuga ndi BP. Ya mazira, usipa ndi mtedza. Ndipo muziimba Lamulungu lililonse. Mawu anu amawazindikira."

Anagwirizananso kuti alongo ena a achimwenewo azibwera kudzagona kawiri pa sabata kuti msuweni wanga apezeko tulo. Mutu umodzi susenza denga. Anakauza anyakwawa, oyandikana nawo ndi amayi a mvano kuti agogo akudwala nthenda ya kuiwala, ndipo akawaona pamsewu awaperekeze kunyumba.

Ndinabwereranso ku Chilomoni patatha miyezi itatu. Kamfuno kanaleka. Masana azakhali amakhala tsonga, amasankha nyemba palichero, ndipo usiku wambiri amagona. Anandiyang'ana n'kumwetulira, nandiitana dzina la bambo anga, mlongo wawo amene anatisiya kalekale. Ndinavomera.

Dementia ikadalipo, ndipo idzapitirira. Chomwe chabwerera ndi gawo lija lomwe mapiritsi ndi njala ya m'magazi zinawalanda.

Anayang'ana wotchi yawo yoima ija.

"Iwe, ana alowa kale m'kalasi?"

Mdzukulu uja anasiya tsache, nathamangira m'nyumba. Anatuluka ndi kope lake la masamu, nagwada pamkeka.

"Ndabwera, aphunzitsi. Mundichongere."

Msuweni wanga anatsegula chitini cha mabisiketi. Munali mapiritsi a mitundu iwiri, kapepala ka nthawi zomwera, ndi cholembera chofiira.

Azakhali anachilandira, nayendetsa chala mzere ndi mzere. Pa samu yachinayi anaima.

"Apa walakwitsa. Bwereza."

Mwanayo anawerengera ndi zala. Analidi atalakwitsa.